Datsun 120Y ya malemu bambo ikuzima pa mtunda, kabuleta ndasintha kale

Mwini 120Y: Akuluakulu, mwaswera bwanji pa gulu pano. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo. Ndili ndi Datsun 120Y ya 1976, injini A12, yomwe anandisiyira malemu bambo anga. Inakhala pa miyala kwathu ku Zingwangwa zaka zinayi. Chaka chino ndaidzutsa: batire, oilo, mapulagi, mabuleki, zonse zatsopano. M'mawa imalira kamodzi, pa idling simungaikayikire. Koma ndikayenda mphindi 15, makamaka pokwera kuchokera ku Ginnery Corner kulowera ku Chichiri, imayamba kudukiza ngati munthu wa befu, ndikaponda faya osayankha, kenako zii. Ndikaima pambali pa msewu pang'ono, imaliranso ngati palibe chachitika. Makaniko wina anati kabuleta, chija chosakaniza petulo ndi mpweya, yatha, ndiye ndinagula yatsopano ya m'katoni, yopanda dzina. Tinaika Loweruka. Dzulo yandizimiranso pafupi ndi Kamuzu Stadium. Ndalama yapita, vuto lili pomwepo. Galimotoyi sindikufuna kuigulitsa, ndi imene inkatitengera kumudzi pa Khirisimasi. Ndithandizeni nzeru.

Wa Nissan 1400 ku Machinjiri: Aise, za m'katoni zopanda dzinazo ndi mwayi chabe, ina imagwira ina ayi. Funa kabuleta ya Weber 32/36 ndi adaputa yake. Yanga ndinaika chaka chatha, pa mtunda imakoka mosiyana ndi kale.

Madala a ku Ndirande: Mwana wanga, kabuleta ya Hitachi yomwe mwachotsayo ili kuti? Yambani mwayankha limeneli.

Mwini 120Y: Ili m'thumba kunyumba, madala. Makaniko uja ankaifuna, akuti akachotseko tizipangizo, koma ndinakana.

Madala a ku Ndirande: Mwachita bwino kwambiri. Musaipereke kwa munthu. Tsopano mverani. Kabuleta ziwiri zosiyana sizingadwale matenda amodzi, pa mtunda umodzi, pa mphindi zomwezo. Mukasintha chinthu vuto osasuntha, ndiye kuti chinthucho chinalibe mlandu. Kabuleta ili kumapeto kwa mzere. Petulo amachoka m'thanki, nkudutsa paipi yachitsulo pansi pa galimoto, mapaipi a labala, fyuluta, pampu, nkufika mu kabuleta. Pena paliponse pamenepa pakatsekeka, amene amaoneka wolakwa ndi wa kumapetoyo. Ine ndakonza ma Datsun amenewa kuyambira ali atsopano m'misewu ya Blantyre, ndipo kabuleta zomwe ndinaziona zitatheratu nzochepa. Zambiri zimachotsedwa zili zabwinobwino.

Wa Pijo 504 ku Bangwe: Madala akunena zoona, koma tisathamangire ku mafuta okha. Koyilo kapena kondensa, zipangizo zopangitsa moto wa ku mapulagi, ikatopa imachita chimodzimodzi: ikatentha moto umathawa, ikazizira umabwerera. 504 yanga inandizunza miyezi iwiri, ndinkatsuka kabuleta yake ya Solex mlungu uliwonse, kumapeto kwake anali kondensa, kanthu kakang'ono ngati chala.

Madala a ku Ndirande: Eya achimwene, nchifukwa chake sitilosera, timayesa. Mwini galimoto, mawa yendani msewu womwewo. Ikangozima, musalizenso. Tsegulani boneti nthawi yomweyo muchite izi. Hitachi ili ndi kagalasi pa mbale yosungira petulo, pakati pake pali kadontho kosonyeza pomwe mafuta ayenera kulekezera. Zambiri zongotengerazi nazonso zimabwera ndi kagalasi. Yang'anani ngati muli petulo. Kenako chotsani chivundikiro cha air cleaner, suzumirani kukhosi kwa kabuleta, mukoke waya wa faya ndi dzanja injini ili chizimire. Payenera kutuluka kamtsinje ka petulo. Mukatero pitani kumbuyo mukatsegule chotsekera cha thanki pang'onopang'ono, khutu lili pafupi. Chikapuma kuti fyuu, ndiye kuti mpweya sukulowa m'thanki ndipo pampu ikukoka pa chinthu chotsekeka. Ngati petulo ali pa kadontho ndipo kamtsinje kakutuluka, mawu a achimwene a Pijo ndiwo oona, tiyang'ane moto.

Mayi wa Beetle: Ndipo osasuzumira kukhosiko wina akuliza injini, chonde. Ikabweza moto imawaula nkhope.

Mwini 120Y: Ndamva, mayi. Zikomo nonse, ndibwera ndi yankho mawa.

Mwini 120Y: Ndabwerako. Lero yazimira ndisanafike pa raundabauti ya Chichiri. Kagalasi kanali kouma, petulo osaoneka ngakhale pansi. Nditakoka waya panangotuluka timadontho. Chotsekera thanki sichinapume. Ndiye ndinayang'ana fyuluta ya pulasitiki ija, yomwe ndinaika miyezi iwiri yapitayo. Pansi pake pali zinthu zofiirira ngati masamba a tiyi, ndipo petulo wake ndi wa mtundu wa thobwa.

Wa Pijo 504 ku Bangwe: Basi, za kondensa ndabweza. Limenelo ndi dzimbiri.

Madala a ku Ndirande: Dzimbiri la m'thanki. Galimoto inakhala zaka zinayi thanki lili pafupifupi lopanda kanthu. Usiku kukazizira, makamaka nthawi ya chiperoni, chinyezi chimasanduka madontho m'kati mwa thanki, chitsulo nkuyamba kudyeka. Pa idling pampu imakoka pang'ono, zinyalala zimagona pansi. Mukayamba kukwera, injini ikufuna mafuta ambiri, galimoto ikugwedezeka, tizidutswa ta dzimbiri timathamangira kukamwa kwa paipi nkutseka. Mukazimitsa, kukoka kwatha, timagwanso pansi. Ndicho chifukwa chake imaliranso mukadikira. Koma musanatsitse thanki, tsimikizani. Tengani kachigubu ka malita 5 ka petulo woyera, paipi yatsopano kuchokera m'chigubu kupita molunjika ku pampu, paipi ya ku thanki muitseke. Mumange chigubucho bwino, kutali ndi ekizozi ndi batire. Yendani pafupi ndi kwanu komweko, pa Zingwangwa mitunda sisowa. Ikakwera osazima, pampu ili moyo, vuto lili kumbuyo. Ikazimabe, pampu nayo ili ndi mlandu.

Wa Land Rover ku Chigumula: Ndiwonjezereko pa pampu. Solola dipisitiki ununkhize oilo. Pampu ya injini zimenezi imakhala pambali pa buloko ndipo imakankhidwa ndi camshaft. M'kati muli kachikopa ka labala, diaphragm. Kakang'ambika petulo amatsikira mu oilo. Oilo amachuluka yekha, amapyapyala, amanunkha petulo. Anthu amasangalala kuti injini yawo siidya oilo, osadziwa kuti ma bearing akutha.

Mwini 120Y: Ndanunkhiza pompano. Fungo la petulo lilipo ndithu, ndipo oilo wapitirira pa chizindikiro cha pamwamba. Ine ndinathira wokwanira ndendende.

Wa Land Rover ku Chigumula: Ndiye usayendenso nayo mpaka utasintha pampu ndi oilo yemwe, pamodzi ndi fyuluta ya oilo. Za chigubu zija uchite pampu yatsopano ili kale pamalo.

Wa 1400 ku Machinjiri: Bwanji osangotseka bowo la pampu yakaleyo nkuika ya magetsi? Ku Ndirande zilipo mbwee zochotsa m'galimoto zakugwa. Ukangotembenuza kiyi mafuta afika kale.

Aphunzitsi opuma: Achimwene a ku Machinjiri, apa pafunika kusamala kwambiri. Pampu zambiri zomwe mukuziona pa msika zachokera m'galimoto za injection, ndipo zimakankha pa mphamvu ya 40 psi (muyezo wa mphamvu yokankhira mafuta) kapena kuposa. Kabuleta imafuna pafupifupi 3 psi basi. Chomwe chimatseka petulo mu kabuleta ndi kasingano kakang'ono kokankhidwa ndi float, monga muja zimakhalira m'thanki ya chimbudzi cha madzi. Kasinganoko sikangalimbane ndi 40 psi. Petulo amasefukira, kutsikira pa manifodi, ndipo pa injini ya A12 manifodi ya mafuta ndi ya ekizozi zili mbali imodzi, ina pamwamba pa inzake. Mukuona pomwe moto ungayambire. Pampu ya magetsi yopangidwira kabuleta ilipo, ya mphamvu yochepa, koma iikidwe pafupi ndi thanki chifukwa imakankha bwino kuposa kukoka, ikhale ndi fyuzi, ndiponso ilumikizidwe moti injini ikazima nayo izime. Apo ayi, pa ngozi imapitiriza kupopa petulo. Kwa ine, pa galimoto iyi, yoyendera camshaft ndi yokwanira. Ndipo siyovuta kupeza. Nissan 1400 inapangidwa ku South Africa mpaka 2008 ndi injini ya A14, ya banja limodzi ndi A12, ndiye zipangizo zambiri zimabwerabe kuchokera ku Johannesburg. Mungotenga yakaleyo m'manja pokagula, muyerekeze mkono wake ndi mabowo a mabauti.

Wa 1400 ku Machinjiri: Za 40 psi sindinkadziwa, aphunzitsi. Yanga ndi ya kabokosi ija yogogoda, ndiye mwina ndinapulumuka. Koma fyuzi ndilibe, ndikaika.

Aphunzitsi opuma: Ikani lero lomwe. Tsono pali china chomwe sichinatchulidwe, ndipo chimakhudza tonse a galimoto zakale. Petulo wa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga kuchokera ku molasi wa nzimbe. Ya ku Chikwawa inabwera mu 2004. Nzabwino ku dziko, zimachepetsa mafuta ogula kunja, ndipo galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku siidandaula. Koma ethanol ali ndi makhalidwe ake. Amakoka chinyezi cha mumpweya. Galimoto ikaima miyezi, madzi ndi ethanol zimapatukana ndi petulo nkukhala pansi pa thanki, pomwe dzimbiri limayambira. Amafewetsanso labala wakale, wopangidwa nthawi yomwe ku Japan sankaganizako za mafuta otere. Paipi imatha kuoneka yabwino kunja koma m'kati yatupa kapena ikunyenyeka, ndipo ya mbali yokoka ikafewa imaphwatalala pampu ikamakoka mwamphamvu. Choncho mwini galimoto musinthe labala yense, kuyambira pa thanki mpaka pa kabuleta. Pogula werengani zolembedwa pa paipiyo. Ya SAE J30 R9 imapirira ethanol. Paipi ya madzi kapena yoonekera m'kati ija ya pulasitiki, ayi.

Chinanso, petulo weniweni amapsa bwino pa magawo 14.7 a mpweya ku gawo limodzi la mafuta, polemera kwake. Ethanol amafuna pafupifupi 9 okha. Ndiye wosakaniza amapangitsa injini kulandira mafuta ochepera pang'ono kuposa momwe majeti, timabowo toyezera mafuta mu kabuleta, anawerengedwera. Mwayi wathu ngwakuti Blantyre ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,000, mpweya ngwopepukirapo, ndiye ziwirizi zimakhala ngati zikubwezerana. Mukatsikira ku Chikwawa mpweya umalemera, ndipo galimoto yomwe mwaichepetsera mafuta kwambiri kuno kumtunda imakatentha kumeneko.

Mayi wa Beetle: Aphunzitsi mwandikumbutsa. Ife a Beetle nkhani ya mapaipi timaiopa kuposa china chilichonse, poti injini ili kumbuyo, moto ukayamba woyendetsa amadziwa mochedwa. Pa Solex yathu pali kapaipi ka mkuwa kongokhomera, ndipo anthu akapachika fyuluta pakati pa pampu ndi kabuleta, kulemera kwake kumakagwedeza mpaka kusolola. Yanga fyuluta ndinaisamutsa, ili pampu isanafike, kunja kwa chipinda cha injini. Achimwene a 120Y, pa mfundo iliyonse ikani kilampu yeniyeni yomanga ndi sikuluu. Waya wa mathayala womwe anyamata amapotokola ndi pulayazi umadula labala. Ndipo kachozimitsira moto kazikhala pafupi ndi mpando, osati pansi pa katundu m'buti.

Wa Pijo 504 ku Bangwe: Funso lina lomwe tonse tikulizemba. Nthawi yomwe mafuta ankasowa ija, mizere ili mpaka usiku, munathirako wa m'zigubu?

Mwini 120Y: Kawiri, achimwene. Sindikanachitira mwina, ndinali ndi wodwala kunyumba.

Wa Pijo 504 ku Bangwe: Palibe wokudzudzulani, ambiri tinathira. Koma zigubu zija zina zinasungapo mafuta ophikira, zina madzi, ndipo ena osaopa Mulungu amawonjezera parafini. Galimoto ya parafini imalira ngati mukugwedeza misomali m'chitini mukaponda pa mtunda, ndipo mukazimitsa kiyi imapitiriza kugwedezeka. Zikakukakamizani, sefani pa nsalu yoyera yothina, ndipo thirani kaye pang'ono m'botolo loonekera mudikire. Madzi amakhala pansi, mzere wake umaoneka.

Mwini 120Y: Nkhani ya lero. Pampu yatsopano ndaika, oilo ndasintha. Diaphragm ya yakale inali yolimba ngati chikopa chouma, ndi mng'alu m'mphepete. Ndi chigubu ndakwera mitunda ya kwathu kuno kanayi konse, osadukiza ngakhale kamodzi. Nditabwezera paipi ya ku thanki, mphindi 10 sizinakwane. Ndiye thanki tatsitsa. Zomwe zatuluka m'menemo ndi zodzaza kapu. Pakona pena pali kabowo kakang'ono komwe kanatsekedwa ndi dzimbiri lomwelo. Mnyamata wowotcherera pafupi ndi kwathu akuti abweretse aotche ndi gasi.

Madala a ku Ndirande: AYI. Imani pomwepo. Thanki lopanda petulo ndi loopsa kuposa lodzaza, chifukwa chomwe chimaphulika ndi nthunzi yotsalira m'kati, ndipo imabisala m'mipindiro ya chitsulo ngakhale mutatsuka kawiri. Ine ndinaona ndi maso anga thanki likutseguka ngati chitini, mnyamata amene anagwira moto sakumva khutu limodzi mpaka lero. Pitani nalo kwa okonza ma radiator odziwa ntchito. Iwo amalitsuka mokwanira, ndipo kabowo kotere amamata ndi mtovu pogwiritsa chitsulo chotenthetsera patali, popanda lawi pafupi ndi thanki.

Kutsuka dzimbiri mungathe nokha. Chotsani geji ya mafuta kaye kuti isathyoke. Ponyanimo manati ndi mabauti owerengeka, muwawerenge polowetsa kuti potulutsa asatsalemo, thiranimo madzi a sopo, mugwedeze anthu awiri mpaka mikono itope. Tsukuluzani. Kenako viniga woyera, agonemo tsiku limodzi kapena awiri, mukulitembenuza. Mukakhuthula tsukuluzani ndi madzi osungunuliramo soda kuti asidi afe, nkuumitsa msanga padzuwa, chifukwa chitsulo chotsukidwa chimagwira dzimbiri tsiku lomwelo. Paipi yachitsulo ya pansi pa galimoto muipemerere ndi kompuresa kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, mbali zonse zili zomasula. Mukaona kuti yadyeka, sinthani, musamate.

Wa Land Rover ku Chigumula: Ndipo mwezi woyamba uziyenda ndi fyuluta ziwiri zapadera m'galimoto. Zotsalira zimatulukabe.

Mwini 120Y: Ndamuuza mnyamata uja kuti asiye. Funso langa tsopano: thanki likabwera, ndisiye kabuleta yatsopanoyi kapena ndibwezere Hitachi? Chifukwa ndaona kuti chiikireni yatsopanoyi mapulagi akuda bii ndi mwaye, utsi ukununkha petulo, ndipo mafuta ikumwa ngati lole.

Wa 1400 ku Machinjiri: Ine ndikadali pa Weber, aise. Majeti ake amapezeka a masaizi onse, umaichuna momwe ukufunira.

Aphunzitsi opuma: Weber 32/36 ndi kabuleta yabwino, palibe akukana. Koma inkaikidwa pa injini zokulirapo, monga za Ford Cortina. A12 ndi ya 1171 cc. Kuti ikhale bwino pamafunika adaputa, kusintha waya wa faya, air cleaner ina, ndi munthu wodziwa kutsitsa majeti. Zonsezo ndi ndalama, ndipo za dzina la Weber zabodza zachulukanso. Ya m'katoni yomwe muli nayoyo mwina inawerengedwera A14, ya 1397 cc, kapena float yake inabwera yosachunidwa, nchifukwa chake mapulagi akuda. Pulagi ya injini yokhuta bwino imaoneka yofiirira ngati khofi wothira mkaka. Yakuda ndi mafuta ochuluka, yoyera mbuu ndi ochepa, ndipo yoyerayo ndiyo imaotcha ma valve.

Madala a ku Ndirande: Bwezerani Hitachi. Inapangidwira injini imeneyo, ndipo bambo anu anayenda nayo zaka zonsezo. Chomwe chimapha kabuleta zenizeni ndi kutha kwa shafti ya thirotulo. Igwireni muigwedeze m'mwamba ndi pansi. Ikamasewera kwambiri imayamwa mpweya wakuba ndipo idling siikhazikika. Ngati ili yolimba, gulani kiti ya magasiketi yokhala ndi singano ndi kapampu kake. Pomasula yalani nsalu yoyera pa tebulo, jambulani ndi foni sitepe iliyonse, poti muli timipira tachitsulo ndi timasipuling'i tomwe tikagwa pa dothi simutipezanso. Majeti a mbali yoyamba ndi yachiwiri amafanana maonekedwe koma manambala ngosiyana, musawasinthanitse. Kutsuka kwake ndi mankhwala a kabuleta ndi mpweya. Waya kapena singano yosokera musalowetse mu jeti, mkuwa ngwofewa, bowo likakula lakula. Pomwe paipi ya mafuta imalowera pali kasefa kakang'ono ka waya komwe ambiri sakadziwa, ndikhulupirira kadzaza dzimbiri lomwelo. Float muigwedeze pa khutu, ikamveka madzi m'kati yabooka. Pomanga pa manifodi, kaphale kakuda kochinga kutentha kaja kabwerere pamalo pake ndi magasiketi atsopano. Popanda iko petulo amawira mu kabuleta mwezi wa Okutobala, galimoto nkumavuta kulira ikatentha.

Ndipo musakhudze sikuluu ya mixture, yochunira kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya, musanaone moto. Mapointi a mu distributor akhale ndi mpata wa 0.5 mm, timing ikhale pamalo, injini itenthe. Mukatero ilowetseni mofatsa mpaka ingogunda, osakanikiza, mubweze kawiri, nkumasaka pomwe injini ikulira mosalala.

Mwini 120Y: Shafti ndagwedeza, ili nganganga. Kasefa kaja ndakapeza, kanali kotsekeka theka. Madala, ndingabwere nayo kuti timange limodzi? Ndikuopa timipira tija.

Madala a ku Ndirande: Bwerani Loweruka m'mawa, ndikulozerani malo ku inbox. Mubwere ndi kiti, ndipo manja akhale anu, ine ndizingoloza.

Mwini 120Y: Akuluakulu, ndabwera kudzathokoza. Thanki linamatidwa kwa a ma radiator, mapaipi onse a labala ndi atsopano, Hitachi yabwerera. Petulo akuima pa kadontho ndendende. Dzulo ndinatenga mayi anga, tinatsika msewu wa Chikwawa mpaka pa Thabwa nkutembenuka. Mtunda wonse uja yakwera pa giya yachiwiri ndi yachitatu, dzuwa lili pamutu, osadukiza. Mayi sanayankhule njira yonse yokwera, titafika pamwamba anangoti kulira kwake ndi komwe kuja. Fyuluta yoyamba yagwira tizinyalala pang'ono, ndasintha. Pulagi ndamasula ziwiri, zayamba kufiirira.

Chatsala nchimodzi. Ndikaponda faya mwadzidzidzi pochoka pa raundabauti, imazengereza kamphindi isanakoke.

Madala a ku Ndirande: Kameneko ndi kapampu ka mu kabuleta. Chikopa chake nchatsopano, mwina sichinakhale bwino, kapena kandodo kake takakoleka pa bowo lolakwika. Suzumirani kukhosi injini ili chizimire monga tsiku lija, muone ngati kamtsinje kakuyamba nthawi yomweyo mukangokhudza waya. Kakachedwa, mudutse nayo Lachitatu madzulo, ndi ntchito ya mphindi 20.

Wa 1400 ku Machinjiri: Aise, ya m'katoni ija ukuitani? Ngati majeti ake ndi a A14 ndikufuna ndiyese pa galimoto ya mlamu wanga.

Mwini 120Y: Ilipo, ndaitsuka ndaibwezera m'katoni mwake. Tikumane kwa madala Lachitatu lomwelo, awerenge manambala a majeti musanaitenge.